Banki itandikana ngongole ya nyumba osanena chifukwa

Ndimakhala ku Johannesburg. Nditapempha ngongole yogulira nyumba, imene kuno amati bond, banki inangonditumizira SMS yoti zakanika. Malipiro anga ndi okwanira, ndiye mutu unaima. Ndinathamangira ku banki ina, nakonso chimodzimodzi. Uku kunali kudzipweteka, chifukwa pempho lililonse limalembedwa pa mbiri yako ya ngongole.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene ananditsegula maso. Lamulo la kuno la za ngongole, National Credit Act, limalola munthu kufunsa chifukwa chimene wakanidwira, komanso kutenga lipoti lake la ngongole kwaulere kamodzi pachaka. Banki inayankha kuti vuto lili pa lipotilo. Ndinatenga la TransUnion ndi la Experian, makampani osunga malipoti a ngongole. Tengani onse awiri ndithu, chifukwa pa limodzi panalibe kanthu. Pa linalo mpamene panabisala kangongole ka R640 ka foni yakale, imene ine ndinkati ndinathana nayo kalekale.

Ndinalipira, koma chinathandiza kwenikweni ndi kalata yotsimikiza kuti ngongoleyo yatha. Ndinachita kuimba foni kanayi kuti eni ngongoleyo andipatse. Ndinaitumiza kwa osunga malipotiwo, amene amakhala ndi masiku 20 a ntchito oti afufuze. Dzina litayera ndinadikira miyezi itatu, ndikulipira zonse pa nthawi yake. Nditapemphanso anavomera.