Mmene Mungafufuzire Mbiri ya Lamulo m'Laibulale ndi m'Zikalata za Boma

Mwafunsa mmene mungadziwire zimene lamulo linkanena pamene linkakhazikitsidwa komanso chifukwa chimene analisinthira pambuyo pake. Choyamba, lembani dzina lonse la lamulolo, nambala yake ndi chaka chake, chifukwa malamulo ambiri amafanana mayina. Mukatero, funafunani Gazette ya chaka chimenecho, pakuti ndi mmene boma limasindikiza lamulo monga linalili poyamba, pomwe mabuku osonkhanitsa malamulo kawirikawiri amaonetsa mawu amene akugwira ntchito panopa, ndipo ndime zimene zinachotsedwa simungazipezemo.

Kenako tsegulani Hansard, buku losunga zokambirana za aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo muyang'ane makamaka tsiku limene bilu inawerengedwa kachiwiri, popeza ndi pamene nduna imalongosola cholinga chake ndipo otsutsa amatulutsa madandaulo awo. Gawo limeneli anthu ambiri amalidumpha, koma ndiye lokhala ndi mayankho.

Mukamaliza, lowani m'nkhokwe za pa intaneti pogwiritsa ntchito akaunti ya laibulale yanu. HeinOnline ili ndi magazini ambiri a zamalamulo, pomwe JSTOR imathandiza kwambiri pa nkhani za mbiri yakale. Lembani dzina la lamulo pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, ndipo muchepetse zaka zofufuza kuti zotsatira zisachuluke. Samalani ndi zikalata zakale zojambulidwa ndi makina, chifukwa kompyuta ikakumana ndi zilembo zofufutika imatha kuwerenga 1911 ngati 1917, choncho tsegulani chithunzi cha tsambalo muone ndi maso anu, ndipo mulembe nambala ya tsamba musanalitseke.