Momwe mungachitire kuti dzanja lokhwatcha gitala lizithamanga

Chaka china ndinakaimba lidi gitala pa ukwati ku Senga Bay. Zonse zinkayenda bwino mpaka nthawi ya perekaniperekani, pomwe wa ng'oma ataona kuti anthu atenthedwa anawonjezera liwiro. Titangolowa sebene, gawo lothamanga la nyimbo lovinitsa anthu, mkono wanga wamanja unauma gwa kuyambira m'chigongono, manotsi n'kuyamba kupondana. Wa bezi anangondiyang'ana cham'mbali. Nyimboyo ndinaimaliza pongokhwatcha makodi ngati wa rithimu, thukuta lili kamukamu.

Ndinkayesa kuti chandichepera ndi mphamvu, chonsecho mphamvuyo ndi imene inkandimanga. Ndinkalimbana ndi gitala ngati munthu wopalasa bwato pa mwera. Liwiro limabwera dzanja likamasuka n'kumayenda pang'ono zedi, ndipo zimenezi zimaphunziridwa poimba pang'onopang'ono. Nazi njira zimene zinandithandiza.

Yambani ndi pick, kachipangizo kokhwatchira nsambo. Ambirife kuno ku Salima tinayamba ndi kapulasitiki kodula pa chigubu kapena pa khadi lotsala tikachotsa SIM. Pokhwatcha makodi kamagwira ntchito, koma pa lidi kamakuchedwetsani, chifukwa kakagunda nsambo kamapindika kaye kenako n'kubwerera, inu mutapita kale. Pezani pick yolimba, yokhuthala milimita 1 kapena kuposerapo, yosongoka kunsonga. Mukapita ku Lilongwe gulani zingapo, tinthu timeneti timasowa ngati ndalama zachitsulo. Igwireni pakati pa chala chachikulu ndi m'mbali mwa chala chamkombaphala, nsonga yokha ya mamilimita 2 kapena 3 ndiyo izionekera. Ipendeketseni pang'ono kuti izitsetsereka pa nsambo m'malo moikola.

Chachiwiri, ikani metronome mu foni yanu. Ndi kapulogalamu kongogogoda molingana, zaulere zilipo zambiri ndipo zimagwira ntchito popanda bandulo. Itcheni pa 60, kutanthauza kugogoda ka 60 pa mphindi imodzi. Sankhani nsambo imodzi, tinene yachitatu kuchokera pansi, ya G, dinani noti imodzi n'kuyamba kukhwatcha pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, osaphonya. Yambani ndi manotsi 2 pa kugogoda kulikonse, mukakhazikika pitani pa 4.

Apa mpofunika kukhalitsapo, pakuti mpamene pagona nkhani. Yang'anani dzanja lanu. Chimene chiziyenda ndi mfundo ya dzanja, paja timavala wotchi, osati mkono wonse. Pick ikadutsa nsambo iime pomwepo n'kubwerera. Ikapita kutali ndiye kuti ulendo wobwerera nawonso watalika. Phewa likayamba kukwera kulowera kukhutu, kapena mukazindikira kuti mwaluma mano, imani, gwedezani mkono, pumani mpweya. Lamulo langa n'lakuti ndikaimba masekondi 30 mosalakwitsa katatu kotsatizana, ndimawonjezera 4 pa metronome. Ndikayamba kupunthwa ndimabwerera ndi 10. Zimawawa mumtima kubwerera, makamaka pamene mnzako akumvetsera pakhonde, koma mukakakamira pa liwiro limene mukulakwitsa, dzanja limaloweza kulakwitsako. Ndipo musadere 60: manotsi 4 pa kugogoda kulikonse ndi manotsi 240 pa mphindi. Pofika pa 120 mudzakhala mukuimba manotsi 8 pa sekondi imodzi, amene ndi okwanira nyimbo zambiri zovinitsa anthu.

Chachitatu ndi kugwirizanitsa manja. Ikani zala zinayi za kumanzere pa fret 5, 6, 7 ndi 8 (fret ndi mipata ya pakati pa tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, kuwerenga kuchokera kumutu), chala chimodzi pa fret iliyonse. Pamenepa mipata ndi yaing'ono kusiyana ndi kumutu kwa gitala, choncho zala sizitambasuka mopweteka. Imbani 1-2-3-4 pa nsambo iliyonse, 1 kukhala chala chamkombaphala ndipo 4 chakanise, kenako sinthani kukhala 1-3-2-4. Chala chizidina nthawi yomweyo imene pick ikugunda. Mukamva kaphokoso kakuti tswii pakati pa manotsi, dzanja lina latsogola. Chala chakanise ndicho chimavuta, chimakonda kuuluka m'mwamba. Chisungeni pafupi ndi nsambo.

Chachinayi n'chimene chinandigwetsa ku Senga Bay: kudumpha kuchoka pa nsambo ina kupita pa ina. Munthu atha kuthamanga bwino pa nsambo imodzi koma n'kukodwa akamawoloka, ndipo lidi ya sebene kapena sungura imawoloka nthawi zonse. Tengani nsambo ziwiri zoyandikana, G ndi B. Imbani manotsi 3 pa G, 3 pa B, n'kubwerera, osasiya kusinthanitsa pansi ndi m'mwamba. Poti 3 sagawika pawiri, mudzaona kuti ulendo wina pick ikuwoloka itangotsika, ulendo wina itangokwera. Kenako yambani ndi kukhwatcha kokweza m'malo motsitsa. Imodzi mwa njira ziwirizi idzakuvutani kuposa inzake, ndipo imeneyo ndiyo muipatse nthawi yambiri. Kwa ine inali ija imene pick imatsekeredwa pakati pa nsambo ziwirizo, inanditengera miyezi.

Mukafika poti nambala ya pa metronome yakana kukwera, yesani kuthamanga mwa tizigawo. Itcheni pamwamba pang'ono pa pomwe mumafika, imbani manotsi 5 okha mothamanga, pumani kugogoda kumodzi, bwerezani. Dzanja limalawa liwirolo lisanatope. Zikamveka zoyera onjezani akhale 9.

Tsopano tengani kachigawo ka nyimbo yeniyeni imene mumaimba kutchalitchi kapena ku bandi, kosapitirira manotsi 8 kapena 12, mukachite chimodzimodzi kuyambira pa 60. Zimitsani echo ndi distortion, zokometsera mawu a gitala, pa ampu, chifukwa zimabisa zolakwa; anyamata ambiri amamveka akatswiri mpaka tsiku limene pedulo, kabokosi koponda kosinthira mawu a gitala, yafa. Magetsi akathima musadandaule, gitala ya magetsi yosalumikiza imaulula chilichonse. Dzijambuleni pa foni n'kumvetsera mawa lake. Tsiku loyamba mudzakhumudwa.

Pa nthawi, mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola 3 Loweruka lokha. Ine ndimagawa chonchi: 5 pa nsambo imodzi, 5 pa zala zinayi, 10 pa kuwoloka ndi kachigawo ka nyimbo. Nambala imene mwafika tsikulo ilembeni m'kope, ndipo musadabwe ikatsika masiku ena. M'mawa wa June ndi July, mwera ukamawomba, zala zimakhala zouma, choncho tikitani manja kaye n'kuyamba pansi kuposa dzulo. Kutopa kwa mnofu n'kwabwinobwino, koma mukamva kubaya kapena dzanzi pamfundo ya dzanja, siyani kwa masiku angapo, ndipo zikapitirira pitani kuchipatala.

Chomaliza ndi nsambo zimene. Chinyezi cha kunyanja kuno pamodzi ndi thukuta la mu October zimachititsa dzimbiri msanga, ndipo nsambo ya dzimbiri imakola pick ndi zala zomwe. Sungani kansalu kouma m'chikwama cha gitala, mukamaliza pukutani nsambo imodziimodzi, ndi kunsi kwake komwe.