Mmene mungasamalire khutu la mwana lotuluka mafinya

M'midzi yambiri khutu lotuluka mafinya amalitenga ngati chimfine: lipola lokha. Mwana amapita kusukulu ntchentche zikumulondola, ndipo aphunzitsi amayamba kumuti ndi wosamva, pomwe vuto ndi loti makutu ake sakumvadi. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Chikwawa n'kutuluka mu 2017 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 4 mpaka 6, pafupifupi asanu anali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Mafinyawo amachokera kuseri kwa kakhungu kopyapyala kamene kali mkati mwa khutu. Chimfine chikatseka kanjira kolumikiza khosi ndi khutu, majeremusi amaswana, mafinya amadzadza mpaka kakhunguko kuboola. Ululu umachepa mafinya akatuluka, n'chifukwa chake makolo amaganiza kuti mwana wachira.

Poyamba werengani masiku. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, omwe azaumoyo athu amatsatira kusikelo, amagawa matendawa pawiri. Ngati mafinya sanathe masiku 14, kapena khutu likupweteka, mwana amapatsidwa amoxicillin wakumwa kwa masiku 5 ndi panado wa ululu. Akafika masiku 14 kapena kupitirira, matendawo akhazikika, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi mankhwala odonthezera m'khutu monga ciprofloxacin. Kafukufuku wa pa ana asukulu ku Kisumu, m'dziko la Kenya, amene anatuluka mu 2005, anaonetsa kuti ciprofloxacin amaumitsa makutu ambiri kuposa mankhwala ena odonthezera otchedwa boric acid. Choncho pitani kuchipatala kaye, ndipo mukawauze adokotala tsiku limene mafinya anayamba. Musagule mankhwala odonthezera mongoganizira, ena saloledwa pa khutu loboola.

Kenako gwirani kuseri kwa khutu. Mukapeza potupa, popweteka mukapagwira, khutu n'kuoneka ngati lakankhidwira kutsogolo, musagone kunyumba. Matenda alowa m'fupa ndipo angathe kufika ku ubongo. Chimodzimodzi mwana akauma khosi, akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena mbali imodzi ya nkhope ikagwa.

Ntchito yaikulu ya kunyumba ndi kuumitsa khutu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Mankhwala othiridwa pamwamba pa mafinya amangoyandama n'kutuluka, safika pa bala. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kansalu koyera ka thonje, kofewa, kochapa bwino, kapena tishu yolimba yosanyenyeka. Kapoteni ndi zala kukhale kosongoka ngati chingwe cha koloboyi. Mwana akhale pamiyendo panu, wina amugwire mutu. Kokerani khutu kumbuyo pang'ono kuti bowo liwongoke, lowetsani kansaluko mofatsa mukukazungulitsa, kasiyeni kamwe mafinya, kenako katulutseni. Kakanyowa tengani kena. Bwerezani mpaka komaliza katuluke kouma. Chitani zimenezi katatu pa tsiku. Kansalu kamene mwagwiritsa kale ntchito musakabwezerenso m'khutu, katayeni m'chimbudzi, n'kusambanso m'manja.

Musakulunge kansaluko pa kamtengo ka machesi kapena waya. Nthenga ya nkhuku nayo ayi, ngakhale agogo atanena kuti ndi mmene anakulerani. Mafuta ophikira, madzi a masamba, mkaka wa m'mawere ndi madzi a mchere zisalowe m'khutu loboola, chifukwa zimadutsa pa bowolo n'kukafika mkati momwe muli tizifupa tomvera.

Khutu likauma, fumbatirani kabotolo ka mankhwala kwa kanthawi kuti kafunde, poti ozizira amachititsa chizungulire. Mugonekeni mwana chammbali, khutu lodwala m'mwamba. Donthezani madontho amene adokotala anena, kamwa ya botolo isakhudze khutu. Ndiye dinikizani kangapo kamnofu kamene kali kutsogolo kwa bowo la khutu kuti mankhwala akankhidwire mkati. Mwana akati akumva kuwawa kwa mankhwalawo kukhosi musadabwe, ndiye kuti afika. Agone choncho mphindi zingapo. Pitirizani kwa masiku 14 onse, ngakhale khutu litauma pa tsiku lachitatu.

Madzi asalowe m'khutu. Posamba tsekani ndi thonje lopaka Vaseline, mukatha chotsani kuti mphepo ipite. Kusambira kunyanja kapena kudambo kudikire kaye. Mwana atalikirenso utsi wa kukhitchini ndi wa fodya, ndipo onani m'buku lake la kusikelo ngati analandira akatemera onse, kuphatikizapo wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011.

Bwererani kuchipatala pakatha masiku 5 kuti akaone mmene zikuyendera. Ngati mwamaliza mankhwala koma mafinya akutulukabe, pemphani kalata yokutumizani kwa akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi, monga a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Pemphaninso kuti amuyeze kamvedwe. Bowo likakana kutsekeka lokha, madokotala amatha kulimata pa opaleshoni. Podikira zonsezi, kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti azimukhazika kutsogolo, khutu labwino litaloza kumene iwo amaima.