Momwe mungasungire kutentha ndi chinyezi m'khola la njoka yoweta kuno ku Zomba

Njoka siipanga yokha kutentha kwa thupi monga amachitira galu kapena nkhuku. Imadalira pomwe yagona. Ikadya imasaka pofunda kuti chakudya chigayike, ikatenthedwa imasamukira pozizira. Kutchire imadzisankhira yokha, koma m'khola zonse zili m'manja mwanu, ndipo nyengo ya kuno siichedwa kutembenuka. Khola lomwe linali bwinobwino mu Epulo limazizira kwambiri mu Julayi chiperoni chikabwera, kenako mu Okutobala limatentha mosapiririka.

Tisanapite patali, nsato ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo a dziko lino, choncho musakatole kuphiri n'kudzaika m'bokosi. Za chilolezo kafunseni ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Zoweta mphiri kapena mamba sitikukamba n'komwe.

Dziwani kaye mtundu wa njoka yanu

Ball python, yomwe kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, imafuna madigiri 31 mpaka 33 mbali yofunda ya khola, 24 mpaka 27 mbali yozizira, ndi chinyezi cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti. Corn snake ya ku America ndi yosavuta: madigiri 28 mpaka 30 kofunda, 22 mpaka 24 kozizira, chinyezi 40 mpaka 60 peresenti. Chakusa, njoka yathu yopanda ululu yodya makoswe ija, zofuna zake sizitalikirana kwambiri ndi za corn snake.

Gulani zoyezera musanagule chotenthetsera

Mufunika ma thermometer awiri olemba manambala, imodzi mbali iliyonse, ndi hygrometer yoyezera chinyezi. Zija zozungulira zokhala ndi kamuvi, zomata pagalasi, zimanama kawirikawiri. Kansonga koyezera kakhale pansi pomwe mimba ya njoka imakhudza, osati pamwamba pafupi ndi chivundikiro.

Dzanja musalikhulupirire. Khungu la m'manja mwathu limakhala cha m'ma 33 digiri, ndiye malo omwe inu mukumva kuti ndi ofunda pang'ono chabe afika kale pomwe njoka imafuna. Omwe mukumva kuti akutentha akhoza kuiwotcha.

Tenthetsani mbali imodzi yokha

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Khola lofunda paliponse ndi loipa chimodzimodzi ndi lozizira paliponse, chifukwa njoka ilibe kothawira. Ngati khola ndi lagalasi kapena lapulasitiki, ikani heat mat (kamphasa kotenthetsa ka magetsi) kunsi kwake, kunja, pa gawo limodzi mwa magawo atatu a pansi. Ngati ndi lamatabwa okhuthala, kutentha sikudutsa bwino, ndiye ndi bwino kutenthetsa kuchokera pamwamba ndi babu kapena chotenthetsera cha ceramic. Cha ceramic sichiwala, choncho chimayenera usiku pomwe njoka ikufuna mdima. Chilichonse chopachikidwa mkati chitchingeni ndi waya wa sefa wolimba, chifukwa njoka imakwera n'kudzikulunga pababu, ndipo siithawa msanga ikayamba kupsa.

Chotenthetsera chilichonse chidzere pa thermostat, kachipangizo komwe kamachizimitsa kutentha kukafika pa madigiri omwe mwasankha. Ena amaona ngati ndi kuwononga ndalama, koma heat mat yopanda thermostat imatha kupyola madigiri 45, ndipo chilonda cha pamimba pa njoka chimatenga miyezi kuti chipole. Miyala yotenthetsa ndi magetsi yoikidwa mkati mwa khola, ine sindiilimbikitsa ngakhale pang'ono.

Ikani pobisala pawiri, kofunda ndi kozizira. Mphika wadothi wa mumsika, wovundikira ndi kubooledwa m'mbali, umagwira ntchito bwino, bola m'mphepete mwa bowolo mupalemo kuti musakhale mwakuthwa. Pobisala pakakhala pamodzi pokha, njoka imakakamira pomwepo ngakhale ikuzizidwa. Mukamaliza zonsezi, lisiyeni khola liyake masiku awiri kapena atatu lopanda njoka, mukuwerenga manambala m'bandakucha ndi masana.

Pomwe khola likhale

Lisagone pasimenti, likwezeni patebulo. Lisayandikire zenera lolowa dzuwa, chifukwa bokosi lagalasi limatentha msanga kwambiri. Wokhala kumtunda cha ku Mulunguzi kapena kokwera phiri kulowera Ku Chawe adzalimbana kwambiri ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Wa ku Chinamwali, Matawale kapena kulowera ku Jali ndi ku nyanja ya Chilwa, mdani wake ndi Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba yamalata yopanda siling'i. Khola lonse likapitirira madigiri 35, njoka ikhoza kufa tsiku lomwelo. Kukatentha chonchi, zimitsani chotenthetsera, samutsirani khola kuchipinda chozizirirapo, ndipo mbali imodzi ikaniko botolo la madzi ozizira lokulunga pansalu.

Chinyezi

Chinyezi ndi cha mumpweya, osati matope pansi. Njoka yogona ponyowa masiku ambiri imachita zilonda pamamba a kumimba, pomwe yokhala pouma kwambiri imalephera kufundula.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya wa ku Zomba umakhala ndi chinyezi chokwanira kale, ndipo vuto limakhala nkhungu. Nthawi imeneyi musamapopere madzi mwachizolowezi. Onani hygrometer, tsegulani mabowo olowera mpweya, ndipo zoyala zikayamba kununkha chinyontho zichotseni. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa zinthu zimatembenuka: kunja kwauma, chotenthetsera nacho chikuumitsa. Pamenepa ikani mbale yamadzi yotakasuka komanso yolemera kuti isagubuduzike, isendezeni kufupi ndi mbali yofunda, ndipo ngati chivundikiro ndi cha sefa, tsekani theka lake. Kwa ball python, zoyala za makoko a kokonati zimasunga chinyezi bwino. Thirani madzi pang'ono m'makona kuti zinyowe kunsi, pamwamba pakhale pouma. Kwa corn snake ndi chakusa, ngakhale nyuzipepala zakale zimakwanira.

Utuchi wa paini ndi wosavuta kupeza kuno chifukwa cha mitengo ya kuphiri, akalipentala ena amangokupatsani ulere. Usiyeni. Utuchi wa paini komanso wa mkungudza uli ndi mafuta onunkhira omwe amavutitsa njoka popuma.

Maso a njoka akachita mbuu, dziwani kuti yatsala pang'ono kufundula. Tengani kontena yapulasitiki, iboolerani khomo, ikanimo kansalu konyowa kofinya bwino, muiike mbali yofunda. Khungu likatuluka lonse pamodzi, chinyezi chili bwino. Likatuluka zidutswazidutswa, yang'anani kumaso ndi kunsonga kwa mchira, koma musalikoke louma.

Magetsi akazima

Maola ochepa masana si nkhani. Usiku wa mu Julayi ndiye woopsa, makamaka kwa ball python yomwe siiyenera kukhalitsa pansi pa madigiri 24. Thirani madzi otentha m'botolo, likulungeni ndi chitenje, liikeni kunja moyandikana ndi khoma la mbali yofunda, kenako fundikani khola ndi bulangete mosiya mpata wa mpweya. Mbaula musailowetse m'chipindamo, utsi wosaoneka wa makala ukhoza kupha njoka ndi inu nomwe. Heat mat siidya magetsi ambiri, ndiye amene ali ndi batire ya sola ndi inveta yaing'ono akhoza kuiyatsa usiku wonse.

Njoka yozizidwa musaidyetse. Khoswe amaolera m'mimba m'malo mogayika, ndipo imamusanza. Dikirani khola libwerere pa madigiri ake kwa tsiku lathunthu. Mukamva kaphokoso ikamapuma, kapena mukaona thovu kukamwa ndi kupuma koyasamula, yezaninso kutentha nthawi yomweyo ndipo pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, mutanyamula kabuku komwe mwakhala mukulemba manambala a m'mawa ndi madzulo.