Chiwongolero cha quad chikamanjenjemera mukathamanga

Oyendetsa njinga zamoto za matayala anayi, zimene ambiri amangoti quad kapena ATV, amabwera ndi dandaulo lofanana. Ikamayenda pang'onopang'ono zonse zili bwino, koma mukangowonjezera moto chiwongolero chimayamba kunjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Ena amazolowera n'kumangogwira zolimba. Chonde musazolowere. Kunjenjemera kumeneku kumadya mabushi (timalabala kapena timapulasitiki tokhala pamene zitsulo zimalumikizana) ndi mabering'i tsiku lililonse, ndipo tsiku lina chiwongolero chingakupulumukeni m'manja muli pa liwiro.

Zikakuchitikirani muli pa ulendo, chepetsani moto pang'onopang'ono ndipo musafinye buleki yakutsogolo mwadzidzidzi. Njinga ikafatsa, imani pambali.

Musanagwire sipanala, dzifunseni kuti chimanjenjemera nthawi yanji. Ngati ndi pokhapokha mwagwira buleki, kaikirani disiki ya buleki, mwina yapindika. Ngati chimayamba pa liwiro linalake n'kumakula mukamawonjezera, vuto limakonda kukhala ku tayala kapena ku rimu. Ngati chimayamba mukagunda bampu, kenako njinga n'kumayenda mokhotakhota ngati sikukumverani, pali chinthu chogwedera m'zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala.

Yambani ndi mpweya, chifukwa apa mpamene ambiri amalakwitsa. Tayala la galimoto limafuna pafupifupi 30 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala), pomwe matayala a ma quad ambiri amafuna pakati pa 3 ndi 7 psi basi. Geji wamba ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chonchi, ndiye pezani geji ya mpweya wochepa, ija yothera cha pa 15 psi. Nambala yeniyeni ya njinga yanu yalembedwa pa kachipepala komatidwa pa njingayo komanso m'buku lake. Yezani matayala asanatenthe. Akutsogolo awiri afanane ndendende, pakuti kusiyana kwa 1 psi pa tayala lofuna 5 psi n'kwakukulu: lina limafufuma kuposa linzake, limatalika pang'ono, ndipo awiriwo amayamba kukanganirana njira. Kudina tayala ndi chala kapena kulimenya ndi phazi si kuyeza.

Kenako gwadani musuzumire kuseri kwa rimu. Mukadutsa m'dambo, matope amakamata m'kati mwake, n'kuuma gwa mbali imodzi yokha. Kunja njinga yatsukidwa yowala, koma kuseriko kuli chibuma chodzaza dzanja, ndipo tayala likamazungulira msanga chibumacho chimalikokera uku ndi uku. Chipaleni ndi kamtengo, tsukani, kenako yesaninso njinga. Nthawi zambiri matenda amathera pomwepa. Mankhwala amadzimadzi otsekera mapankichala nawonso amatha kuunjikana malo amodzi m'kati mwa tayala akathiridwa ambiri. Njinga imene yakhala miyezi osayenda, matayala ake amaphwatalala pamene anagundira pansi, koma izi zimakonda kutha akatenthedwa ndi ulendo. Onaninso manati a matayala ngati ali omanga bwino.

Zikapitirira, kwezani kutsogolo ndi jeke, muikepo chochirikiza cholimba, injini ili yozima. Zunguzani tayala ndi dzanja mutaimika sikuludiraiva pafupi ndi m'mphepete mwa rimu. Mpata ukamatseguka n'kutsekeka pozungulira, rimu yapindika. Yang'ananinso chotupa pa tayala.

Tsopano pofunika kudekha. Gwirani tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, muligwedeze molowetsa ndi kutulutsa. Mukamva kuti gwede gwede, ndi bering'i kapena ball joint, mfundo yachitsulo yonga mpira imene tayala limakhoterapo. Kuti musiyanitse, mnzanu afinye buleki yakutsogolo inu mukugwedeza: kugwedera kukatha, ndi bering'i, kukatsala, yang'anani ball joint ndi mabushi a A-arm, mkono wachitsulo wooneka ngati chilembo A wolumikiza tayala ku thupi la njinga. Bering'i yakutha imalira ngati muli mchenga mukazunguza tayala. Mukatero gwirani tayala m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, mnzanuyo atagwira chiwongolero kuti chisasunthe. Tayala likamasewera chiwongolero chili phee, mitu ya tie rod, kachitsulo kopereka mphamvu ya chiwongolero ku tayala, yatha. Ikani chala pa mutu uliwonse, mudzamva kugogoda kumene maso sakuona. Kalabala kake kakang'ambika, dziwani kuti girisi anatuluka kale, madzi ndi mchenga n'kulowa. Ine tie rod kapena ball joint yogwedera sindilola kuti munthu ayende nayo ngakhale mtunda waufupi, chifukwa ikazuka tayala limakhotera kwake ndipo njinga ikhoza kugubuduzika.

Pomaliza kokani chiwongolero chenichenicho cham'mwamba, cham'tsogolo ndi cham'mbuyo. Chikagwedera, mabushi a chitsulo chachitali chimene chiwongolero chamangidwapo adyeka kapena mabawuti amasuka. Pa njinga zokoka ndi matayala onse anayi, onaninso ngati ekiselo yakutsogolo sinapindike.

Mukasintha tie rod, yezani kaimidwe ka matayala. Njinga ikhale pansi pamalo osalala, chiwongolero chili chowongoka. Ndi tepi, yezani kuchoka pakati pa tayala lina kufika pakati pa linzake, kutsogolo kwake kenako kumbuyo kwake, pa msinkhu umodzi. Opanga ambiri amafuna kuti kutsogolo kukanyuke ndi mamilimita ochepa chabe, ndipo nambala yake ili m'buku.

Ena amathamangira kugula steering damper, kachipangizo kochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero. Kachipangizoka n'kothandiza poyenda m'miyala, koma kukamangirira pa njinga ya bering'i yakutha n'kubisa chabe vuto limene likukulirakulira. Dziwaninso kuti matayala a ziphuphu zikuluzikulu aja anapangidwira dothi, ndipo opanga ma quad amachenjeza kuti asamayendetsedwe pa msewu wa phula. Mukakonza, kayesereni pa njira ya dothi yowongoka mutavala chisoti, mukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chinali kuvuta.