Mmene mungakhalire loya woimira anthu osalidwa ndi osauka mu Harare

Mabanja ambiri olankhula Chichewa ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth amamudziwa loya ngati munthu amene amafunidwa zinthu zikathina, ndipo ndi ochepa amene amalingalira zoti mwana wa pakhomo pawo angathe kudzavala mkanjo wakuda n'kuimira anthu akwawo kukhoti. Nkhani ino ndalembera achinyamata a ku sekondale ndi ku yunivesite, pamodzi ndi makolo amene amawalipirira fizi, ndipo ikukhudza mbali imodzi ya uloya, yomwe ndi kulimbana ndi tsankho lotengera mtundu kapena kochokera munthu, komanso kupondereza anthu osauka.

Musanaganize za digiri, yambani mwamvetsa chifukwa chake mavuto awiriwa sayenda padera m'dziko muno. Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linagawa nthaka potengera khungu, ndipo agogo athu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena wapansi, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, anafikira m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu popanda munda wawowawo wobwererako. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi pokhala tsiku limodzi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene ankaganiziridwa kuti angathe kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi 6 yokha kuti akane unzika umenewo, zomwe zinasandutsa alendo anthu obadwira konkuno amene sanapondeko pa Malawi. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi malo ochitira malonda, imene lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena popezera ndalama. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, chonsecho ana a matchona analibe mudzi m'dziko lino. Zotsatira zake zikadalipo. Kholo lopanda chitupa limalephera kutengera mwana setifiketi yakubadwa, mwanayo amavutika kulembetsa mayeso, ndipo akakula sangatsegule akaunti kubanki, sangalembedwe ntchito yokhazikika, sangalandirenso penshoni. Loya amene akufuna kuthana ndi umphawi wa banja loterolo amakakamizika kuyambira pa mapepala.

Za ku sekondale n'zachidule. Khozani bwino Chingerezi pa O-Level, chifukwa ndicho chilankhulo chimene mudzalembere zikalata zonse za kukhoti, ndipo pa A-Level limbikirani kufika pafupi ndi mapointi 15, omwe ndi apamwamba kwambiri pa maphunziro atatu, popeza malo ophunzirira zamalamulo amalimbiranidwa kwambiri. Mbiri yakale ndi phunziro lowerenga mabuku a Chingerezi zimathandiza kuzolowera kuwerenga zambiri ndi kulemba mfundo motsatana. Digiri ya zamalamulo imaphunzitsidwa ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ku Midlands State University ku Gweru, ku Great Zimbabwe University ku Masvingo, komanso ku Zimbabwe Ezekiel Guti University ku Bindura. Lembani kalata zofunsira malo m'masukulu angapo, osadalira imodzi.

Mukalowa ku yunivesite mudzakopeka ndi maphunziro a ufulu wachibadwidwe, ndipo zimenezo n'zabwino, koma ine ndikukulangizani kuti muike mtima wochuluka pa maphunziro amene anzanu amawaona ngati otopetsa: kayendetsedwe ka milandu, malamulo a umboni, malamulo a ntchito, ndi malamulo okhudza mmene maofesi a boma ayenera kupangira ziganizo. Milandu yambiri ya anthu osauka sigwa chifukwa choti analibe mfundo. Imagwa chifukwa chikalata chinaperekedwa mochedwa, chinapita kukhoti losayenera, kapena munasowa umboni wolumbirira. Zigamulo za makhoti zimapezeka mwaulere pa intaneti pa tsamba la ZimLII, ndipo ndi bwino kuzolowera kuwerenga chigamulo chonse m'malo modalira chidule cha m'kalasi. Pa tchuthi kakhaleni pa benchi ya anthu wamba kukhoti la majisitireti ku Rotten Row kapena ku Mbare, muone mmene belo imapemphedwera, mmene womasulira amagwirira ntchito, ndi mmene munthu wopanda loya amasokonekera akafunsidwa ngati ali ndi funso kwa mboni.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 muwadziwe ngati mmene mumadziwira njira ya kwanu. Gawo 56 limaletsa tsankho, kuphatikizapo lotengera mtundu, khungu, malo obadwira, chilankhulo ndi kupeza kwa munthu. Gawo 65 likunena za ufulu wa antchito, gawo 68 limalamula kuti ofesi ya boma ichite zinthu mwachilungamo ndi kupereka zifukwa, pamene gawo 74 limaletsa kuchotsa munthu m'nyumba kapena kuigwetsa popanda chilolezo cha khoti. Koma gawo limene ndikufuna mulisunge pamtima ndi 43, makamaka ndime yake yachiwiri. Ndimeyi imati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, yemwe kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko limene linadzakhala membala wa SADC, ndipo ankakhala mu Zimbabwe pa tsiku losindikizalo, ndi nzika yobadwa nayo. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali m'gulu limeneli. Mu 2013 momwemo khoti loona za malamulo aakulu linagamula pa mlandu wa Mutumwa Mawere kuti nzika yobadwa nayo sitaya unzika wake chifukwa chokhalanso ndi wa dziko lina, ndipo mu 2017 High Court inalola anthu a zitupa zolembedwa kuti ndi alendo kulembetsa mavoti akaonetsa setifiketi yakubadwa ndi umboni wa kumene akukhala. Lamulo lilipo ndithu, koma anthu ambiri amene likuwateteza sakulidziwa, ndipo ena amabwezedwabe pa mzere chifukwa chosowa pepala la kholo limene linamwalira kalekale pafamu. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti vutoli likadali lalikulu. Apa ndiye pali ntchito yanu.

Ntchitoyo imaoneka motere. Mayi wachikulire amalowa mu ofesi atanyamula jumbo ya pulasitiki yodzaza mapepala othetheka: khadi ya kusikelo, khadi ya ubatizo ya ku CCAP, kalata ya mwini famu amene anachoka zaka zambiri zapitazo, ndi chitupa cha malemu bambo ake chimene dzina la Phiri linalembedwa mosiyana ndi mmene lilili pa mapepala enawo. Musathamangire kufunsa za lamulo. Apatseni mpando, muwalonjere kuti "Mwadzuka bwanji agogo, kunyumba kuli bwanji?", ndipo muwasiye afotokoze kuyambira kumene iwo akufuna kuyambira, ngakhale atayambira pa ulendo wa bambo awo wochokera ku Dedza. M'kati mwa nkhaniyo mudzamva dzina la famu, sukulu imene anaphunzirako, mzamba amene anawachiritsa, ndi mlongo wawo amene ali ndi chitupa cholongosoka ku Chegutu, ndipo aliyense wa amenewa ndi poyambira umboni. Kenako yalani mapepala onse patebulo motsatira zaka, mujambule lililonse, mulembe pamene maina kapena masiku akusemphana, ndi kukonza zikalata zolumbirira zofotokoza kusemphanako. Mukatero m'pamene mungapite nawo ku ofesi yolembetsa anthu, ndipo akakanidwa, pemphani kuti chifukwa chokanira chilembedwe, popeza popanda chifukwa cholembedwa n'kovuta kukauza khoti chimene chalakwika.

Pa nthawi ngati imeneyi Chichewa chanu chimagwira ntchito imene digiri singagwire. Gawo 6 la malamulo aakulu limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, Chichewa chili pomwepo, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu womasuliridwa zonse m'chilankhulo chimene amamva. Komabe agogo ambiri amayankha m'Chishona kuopa kutchedwa alendo, ndipo mfundo zofunika zimatayika. Ngati Chichewa chanu chinazilala, monga zilili ndi ambiri obadwira mu Harare, chitsitsimutseni pocheza ndi akuluakulu kutchalitchi, kumzikiti, ndi m'magulu othandizana pa maliro. Malo omwewo ndi abwinonso kuyambirapo kuphunzitsa anthu za gawo 43 mukadali pasukulu, bola mukumbukire kuti wophunzira saloledwa kuimira munthu ngati loya kapena kulandira ndalama za uloya.

Mukamaliza digiri mumalembetsedwa ku High Court motsatira lamulo la Legal Practitioners Act, ndipo chiphaso chogwirira ntchito mumachitenga ku Law Society of Zimbabwe. Zaka zoyambirira mumagwira pansi pa loya wamkulu musanaloledwe kutsegula ofesi yanuyanu. Malo amene ntchito ya mtundu uwu imapezeka ndi monga Zimbabwe Lawyers for Human Rights, bungwe lokhazikitsidwa mu 1996; Legal Resources Foundation, imene yakhala ikuthandiza anthu osauka kuyambira mu 1984; Zimbabwe Women Lawyers Association; Legal Aid Directorate ya boma; Zimbabwe Human Rights Commission; komanso mabungwe a antchito monga ZCTU ndi GAPWUZ, yomwe imaimira antchito a m'mafamu. Mipata m'mabungwewa ndi yochepa, choncho musakhumudwe mukayambira mu ofesi wamba ya maloya. Kumeneko mudzaphunzira kulemba zikalata mwaukhondo ndi kuima pamaso pa jaji, ndipo High Court imapereka kwa maloya otere milandu ikuluikulu ya anthu amene sangathe kulipira. Ine ndimaona kuti loya amene wapsa pa milandu wamba amathandiza osauka bwino kuposa amene wangozolowera misonkhano ya m'mahotela.

Mbali ya chuma imafuna kusamala ndi masiku. Pa 17 July 2015 Supreme Court inagamula pa mlandu wa Zuva Petroleum kuti wolemba ntchito angathe kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi, ndipo m'masabata ochepa anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, mpaka Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito mwezi wotsatira. Mlandu umenewu muuwerenge wonse, chifukwa ukusonyeza mmene chigamulo chimodzi chimafikira pa mphika wa banja lililonse. Dandaulo la pantchito liyenera kukaperekedwa pasanathe zaka ziwiri, ndipo nthawi zambiri limayambira kwa ofisala wa zantchito kapena ku khonsolo ya ntchitoyo lisanafike ku Labour Court. Pofuna kusumira boma chipukuta misozi mumayamba mwapereka chidziwitso cha masiku 60. Za kugwetsa nyumba zokha sizidikira: mukamva kuti ogwetsa nyumba akubwera, mumalemba pempho lachangu usiku womwewo, n'kusonkhanitsa maina a mabanja, zaka zimene akhala pamalopo, ndi malisiti alionse amene analipira. Gawo 85 limakupatsani mpata wosuma m'malo mwa gulu kapena pofuna ubwino wa anthu onse, ndipo ndi khomo limeneli limene atsikana awiri analowera pa mlandu wa Mudzuru, umene mu 2016 unathetsa maukwati a ana osakwana zaka 18.

Makolo ali ndi ufulu wofunsa za malipiro, ndipo yankho loona n'lakuti ntchito imeneyi silemeretsa ngati uloya wa makampani. Mabungwe ambiri amadalira thandizo lakunja, makontrakiti amakhala a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo lamulo latsopano loyang'anira mabungwe omwe si aboma, limene linasainidwa mu 2025, lawonjezera zofunika kutsatira. Palinso chiopsezo. Loya Beatrice Mtetwa anamangidwa mu March 2013 ali pa ntchito yake yoimira anthu, anakhala m'chitokosi kupitirira sabata, ndipo khoti linadzamupeza wosalakwa. Herbert Chitepo, munthu wakuda woyamba kukhala loya woima m'makhoti akuluakulu a Southern Rhodesia mu 1954, anachita kusinthiridwa lamulo kuti aloledwe kukhala ndi ofesi pakati pa mzinda uno. Kwathu ku Malawi, loya Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mkazi wake Vera Chirwa, loya wamkazi woyamba m'dzikolo, atatuluka m'ndende anadzatumikira mu komiti ya ufulu wachibadwidwe ya Africa ku Banjul. Choncho musagwire nokha. Dziwitsani mnzanu wa ntchito polisi imene mukupita, sungani makope a mafayilo pamalo awiri, ndipo ndalama ya kasitomala musaisakanize ndi yanu ngakhale tsiku limodzi, chifukwa cholakwa chimenechi chimachotsetsa munthu m'kaundula wa maloya.

Amene mapointi sanakwane asaganize kuti njira yatsekeka. Mungathe kuyamba ngati mlangizi wa zamalamulo wa m'madera, ntchito imene Legal Resources Foundation yakhala ikuphunzitsa anthu, kapena ngati womasulira kukhoti pansi pa Judicial Service Commission, kumene wodziwa bwino Chichewa, Chishona ndi Chingerezi ali ndi mwayi woonekeratu. Ena amaphunzira digiri ya kunja, monga ya UNISA kapena ya University of Malawi ku Zomba, koma wotero ayenera kulemba mayeso a Council for Legal Education asanalembetsedwe kuno, ndipo ndi nzeru kufunsa khonsoloyi ngati digiriyo ikuvomerezeka musanalipire fizi ya chaka choyamba. Digiri yachiwiri, monga ya ufulu wachibadwidwe ya ku University of Pretoria, ndi yothandiza kwa amene akufuna kudzagwira ntchito m'makhoti ndi m'mabungwe a chigawo chino cha Africa, koma muidikire kufikira mutayendetsa nokha milandu ingapo kuyambira pa kucheza koyamba ndi kasitomala mpaka pa chigamulo.