Mphaka wa aneba akamakutherani anapiye: zochita musanatchere msampha

Ndimaweta nkhuku za lokolo ndi nkhunda kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni, ndipo ndimakhala nawo pa komiti yothandiza amfumu a dera lathu kumva milandu ya anthu oyandikana nyumba. Mlandu wa mphaka anthu amayamba ndi kuuseka, koma ndi umodzi mwa milandu imene imasiya mabanja awiri osapatsana moni. Mwini nkhuku amafika atapsa mtima: anapiye atha, usipa umene anayanika padenga wadyedwa, pabedi la mpiru pali ndowe zokhazokha. Funso lake limakhala lakuti, "Kodi ndikamutchera msampha ndilakwa?" Zimatengera msampha wake, komanso chimene muchite naye mphakayo mukamugwira. Koma musanafike kumeneko pali ntchito yambiri.

Yambani mwatsimikiza kuti wakubayo ndi mphaka. Mu Blantyre muno akhwangwala ndi ochuluka, ndipo amanyamula mwanapiye masanasana. Makoswe akuluakulu a m'ngalande amapha anapiye usiku, agalu oyendayenda nawonso amalowa m'mapuloti opanda mpanda. Madzulo wazani phulusa losefa kuzungulira khola, m'mawa mukaone mapazi. Phazi la mphaka ndi lozungulira, zala zinayi, ndipo silionetsa zikhadabo chifukwa iye amazibisa poyenda. La galu limasiya timabowo ta zikhadabo kutsogolo. Mukamuona ndi maso, mujambuleni pa foni. Kenako fufuzani mwini wake, ndipo pamenepa funsani ana, iwo amadziwa mphaka aliyense ndi khomo lake. Amphaka ambiri okhala pafupi ndi misika ndi kumadzala a zinyalala alibe mwini, ndiye musathamangire kuloza chala munthu chifukwa chongoti pakhonde pake pamagona mphaka wa mtundu womwewo.

Mwini akadziwika, pitani nokha. Musatume mwana, musakuwe muli kuseri kwa mpanda, ndipo musayambe mwalemba pa gulupu ya WhatsApp ya dera lanu, chifukwa munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu savomeranso kanthu. Odirani madzulo anthu ataweruka, khalani pansi, mulonjerane, kenako nenani momwe zilili: "Aneba, ndabwera ndi kadandaulo. Anapiye anga akutha, ndipo chithunzi ichi ndinajambula dzulo m'mawa. Tithandizane nzeru tisanayambane." Ngati muli pa lendi, alandilodi adziwenso, makamaka ngati nonse muli pa puloti imodzi.

Pokambirana musakhutire ndi lonjezo lakuti "tizimupatsa chakudya chokwanira". Mphaka wokhuta amasakabe, ndi chibadwa chake. Chimene chimathandiza ndi kumutsekera m'nyumba kuyambira chisisira mpaka dzuwa litakwera, poti nthawi zake zosaka ndi madzulo ndi m'bandakucha. Chachiwiri ndi kumutengera kwa dokotala wa ziweto. Wamwamuna akafulidwa amachepetsa kuyendayenda, ndewu za usiku padenga komanso kukodzera makoma a anthu. Wamkazi amamuchita opaleshoni yoti asaberekenso. Izi ndimazilimbikira chifukwa mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 mpaka 65, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Mphaka mmodzi amene mukukangana naye lero, chaka chamawa ndi khamu. Bungwe loteteza nyama la Blantyre SPCA ndi madokotala a ziweto mumzinda muno ndiwo oyenera kuwafunsa za opaleshoniyi ndi mtengo wake.

Malamulo akuti chiyani

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amaganiza kuti chilichonse chimene chalowa pa puloti yawo ndi chawo, akhoza kuchipha. Si choncho. Pa lamulo la milandu ya upandu la dziko lino, Penal Code, nyama yoweta imene ili ndi mwini ndi katundu wa munthuyo, ndipo kuipha kapena kuivulaza mwadala popanda chifukwa chovomerezeka ndi mlandu. Kumugwira mphaka wa mnzanu n'kumusowetsa kungakubweretsereninso mlandu wokhudza katundu wa eni. Palinso lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, limene limaletsa kuchitira nyama nkhanza ndi kuizunza popanda chifukwa. Limeneli silisiya kugwira ntchito chifukwa choti nyamayo inakulakwirani. Mwini anapiye ali ndi dandaulo lomveka ndipo ali ndi ufulu wofuna chipukuta misozi, koma akapha mphakayo, wodandaula uja amasanduka woimbidwa mlandu.

Choncho khwekhwe la waya, diwa, ndi msampha wachitsulo wa mano uja ndi zosayenera n'komwe. Khwekhwe limadula khosi kapena mwendo pang'onopang'ono usiku wonse. Komanso msampha sudziwa kusankha: umagwira nkhuku yanu yomwe, kagalu ka aneba ena, ngakhale dzanja la mwana amene wabwera kudzatola mpira.

Za tameki ndilankhule mosapsatira, chifukwa ndi amene anthu amathamangira. Timibulu takuda timeneti, togulitsidwa m'misika ngati mankhwala a makoswe, ndi poizoni woopsa kwambiri wotchedwa aldicarb, ndipo pang'ono pokha amapha munthu. Mutu wa nsomba wothira tameki mukauponya kuseri kwa nyumba, simudziwa adzautole ndani. M'makomo mwathu muno ana amakwawa pabwalo limodzi ndi nkhuku, ndipo mvula ikagwa zonse zimakokolokera m'ngalande mpaka kwa anzathu a kumunsi. Anapiye asanu sangafanane ndi moyo wa mwana. Eni amphaka nawonso adziwe kuti Panado amapha mphaka, musamupatse ngakhale kachidutswa mukaona kuti wadwala kapena wavulala.

Pali nkhani ina imene imatulukira pabwalo mlandu ukatentha. Wina amayamba kunena kuti mphaka wakuda wolira padenga usiku ndi wotumidwa, mwini wake ndi mfiti, makamaka akakhala gogo wokhala yekha. Amphaka amalira chonchija nthawi yokwerana, ndipo kuliraku kumamvekadi ngati kwa khanda. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mawu oterewa aika miyoyo ya okalamba ambiri pachiswe m'dziko muno. Pa komiti yathu, munthu akayamba zimenezi timamuletsa pomwepo n'kubwerera ku nkhani ya anapiye.

Konzani kwanu

Ngakhale aneba atamvetsa, mphaka wina adzabwera, ndiye khola lanu likhale lolimba. Anapiye osakwana mwezi asamayende okha pabwalo. Avundikireni ndi make m'kakhola ka waya wa mabowo ang'onoang'ono, kotseka ndi pamwamba pomwe, poti mphaka amalumpha mpanda wotalika kuposa munthu wamfupi mosavuta. Khola la nkhunda likakhala pa mitengo, kulungani lata losalala pa mtengo uliwonse kuti zikhadabo zisagwire, ndipo lisayandikane ndi denga kapena nthambi ya mango. M'dimba, mphaka amafuna dothi louma ndi lofewa. Thirirani bedi madzulo, yalani waya pansi kapena tinthambi ta minga pakati pa mbewu. Makoko a mandimu ndi malalanje amathandizako pang'ono, koma fungo likatha amabwereranso. Ndowe zake muzichotsa ndi fosholo, ndipo ntchito imeneyi asagwire mayi woyembekezera, chifukwa mumatha kukhala tizilombo toyambitsa toxoplasmosis, matenda amene angavulaze mwana m'mimba. Mitu ya nsomba ndi makombo muzikwirira. Mukamupeza pabwalo, mumwazeni madzi ozizira, sapweteka koma amakumbukira.

Ngati msampha ukufunikadi

Msampha umene ndingavomere ndi wa kakhola kawaya kokhala ndi chitseko chimene chimagwa mphaka akalowa, iye n'kukhala wamoyo wosavulala. Ntchito yake ndi iwiri yokha: kugwira mphaka wopanda mwini kuti apite kwa a ziweto, kapena kugwira wa aneba kuti mumubweze kwawo, iwo akudziwa. Musanatche, auzeni eni amphaka oyandikana nanu ndi amfumu, ndipo mugwirizane kaye ndi dokotala wa ziweto kapena a SPCA za kumene mphakayo apite akagwidwa. Kutcha musanadziwe kopita naye n'kumene kumachititsa anthu kumumanga m'thumba n'kukamuponya mu mtsinje wa Mudi.

Ikani kakholako pa puloti yanu, pamthunzi, pamalo osafika ana. Nyambo yabwino ndi usipa kapena kanyama pang'ono, kuikidwa kumapeto kwenikweni. Tchani nthawi imene muli pakhomo ndipo muzikasuzumira pafupipafupi. Musapite ku ntchito ku Limbe mutasiya msampha wotcha, chifukwa mphaka wotsekeredwa pa dzuwa la mu Okutobala akhoza kufa, ndipo kumeneko ndiye kuzunza nyama kumene lamulo likuletsa. Akagwidwa, fundikani kakholako ndi chitenje chakale kuti adekhe, ndipo musalowetsemo dzanja. Yang'anani kumimba: ngati mawere ali otupa, akuyamwitsa. Mutulutseni, apo ayi ana ake afera m'denga la munthu, mwina lanu lomwe. Ngati ndi wa aneba, mubwezeni tsiku lomwelo pamaso pa mboni. Kumusunga kuti alipire kaye anapiye n'kudziputira mlandu wina.

Kukamutaya ku phiri la Michiru kapena ku msika wa dera lina si yankho. Mphaka wozolowera pakhomo akatayidwa amafa ndi njala, kapena amakasautsa anthu ena, ndipo malo amene wasiya amatengedwa ndi mnzake ngati chakudya chikupezekabe. Wofulidwa n'kubwezedwa pamalo pake amathandizanso kuchepetsa makoswe, amene m'nyumba zathu zothithikanazi ndi vuto lalikulu kuposa mphaka.

Chenjerani ndi chiwewe. Ambiri timachiganizira pa agalu okha, koma amphaka nawo amadwala n'kupatsira anthu. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mu Blantyre mu 2015, chipatala cha Queen Elizabeth chitaona ana ambiri akumwalira ndi matendawa. Mphaka amafunikanso katemera, ndipo pokambirana ndi aneba muwafunse ngati wawo anabayidwa. Mphaka akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuona ngati litupe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Mphakayo musamuphe, auzeni a ziweto, chifukwa nyama imene yaluma munthu amaiyang'anira kwa masiku 10 kuti aone ngati ikudwala.

Aneba akakana kumva, tengerani nkhaniyo kwa amfumu muli ndi zithunzi, masiku amene zinachitika ndi mboni. Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, aliyense asainire: mphaka azitsekeredwa nthawi yanji, apita liti kwa dokotala, khola likonzedwa pofika liti. Zikakanika pamenepo, mlandu wofuna chipukuta misozi umapita ku khoti la majisitireti, ngakhale pa anapiye ochepa ndalama zoyendera zikhoza kuposa zimene mukufunazo. Pa za malipiro, ife timawerengera mtengo wa anapiye pa msinkhu umene anafera, osati wa tambala wamkulu amene akanadzagulitsidwa pa Khirisimasi. Mwini mphaka akakhala kuti nayenso amaweta nkhuku, ambiri amagwirizana zongobweza anapiye kapena mazira oti thadzi likhalire.